Nyimbo Ziwiri za Fuko, Komboni Imodzi

Pa 14 Januwale 2022, mumzinda wa Bafoussam ku Cameroon, ma Flames anakumana ndi ma Warriors a ku Zimbabwe pa mpikisano wa mpira wa mayiko a mu Africa. Ambiri timakumbukira zigoli ziwiri za Gabadinho Mhango ndi mmene tinapambanira 2-1. Ine chimene chinandikanirira m'mutu ndi mphindi zochepa mpira usanayambe, osewera atandandalika pamzere, nyimbo ziwiri za fuko zikuimbidwa motsatizana. Maganizo anga anathawira ku Mazowe, ku Banket, ku Mvurwi ndi ku Shamva, m'makomboni a m'mafamu a ku Mashonaland, kumene kuli a Phiri, a Banda, a Mwale ndi a Saidi amene sanapondepo pa chipata cha Mwanza. Munthu wotere nyimbo imodzi amaimva liwu lililonse, pakuti ili m'chinenero cha agogo ake, koma kuti aitsatire poimba sangathe. Inayo angaiimbe ngakhale mutamudzutsa pakati pa usiku, komabe kwa zaka zambiri chitupa chake chinkamuuza kuti si yake.

Yoyambayo ndi "Mulungu Dalitsani Malawi", imene Michael-Fredrick Paul Sauka anapeka mawu ndi maimbidwe ake, nikhala nyimbo ya fuko mu 1964. Yachiwiri ndi "Simudzai Mureza wedu weZimbabwe", ya mu 1994. Mawu ake analemba ndi Solomon Mutswairo, maimbidwe ake anakonza ndi Fred Changundega. Pakati pa kubadwa kwa ziwirizi pali zaka 30, ndipo zonse zinapeza anthu a m'makomboniwa ali kale pamenepo.

Agogo awo anachoka dziko lisanatchedwe Malawi. Anathawa msonkho wa nyumba ndi thangata, ena anakopeka ndi njinga ndi masuti a anzawo obwerako. Ambiri anayenda wapansi kudzera ku Tete, kuwoloka Zambezi, n'kukatulukira ku Mutoko kapena ku Mount Darwin. Ena anakwera malole a Ulere, ena analembedwa ndi Mthandizi. Kamuzu Banda yemwe, ali mnyamata, anadzera njira ya kum'mwera yomweyi nakagwirako ntchito pachipatala cha ku Hartley, kumene lero ndi Chegutu, asanapitirire ku South Africa. Iye anabwerera kwawo patapita zaka zoposa 40. Anzake ochuluka sanabwerere, ndipo kumudzi anawapatsa dzina lakuti matchona. M'zaka za m'ma 1960, oposa theka la amuna ogwira ntchito m'mafamu a azungu ku Rhodesia anali ochokera kunja: ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia. Choncho pa 6 Julayi 1964, mbendera yatsopano ikukwera ku Blantyre, iwo anali m'zigafa kusankha fodya kapena kumunda kuthamangitsa mgwazo. Nyimbo ya Sauka sanainyamule m'thumba pochoka, chifukwa kunalibe. Ana awo anakula akumva Ashona akuwatcha Manyasarandi, Mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, kapena Mabwidi pofuna kuwanyoza.

Nyimbo za boma la Rhodesia tisatayirepo nthawi. Mpaka 1970 inali ya Mfumukazi ya ku Britain, ndipo mu 1974 anatenga maimbidwe a Beethoven n'kuikamo mawu a Mary Bloom. Zonsezi zinali za kunyumba yaikulu ya bwana. Ku komboni sizinkafika.

Imene inafika ndi ina, ndipo ndiyo imandichititsa kuganiza kuti nkhaniyi ikanatha kuyenda mwina. Kuyambira pa 18 Epulo 1980 mpaka 1994, nyimbo ya fuko la Zimbabwe inali "Ishe Komborera Africa", imene ndi nyimbo ija Enoch Sontonga anapeka ku Johannesburg mu 1897, yoikidwa m'Chishona. A Congress kwathu ankaiimbanso m'Chinyanja pa nthawi yolimbana ndi Chitaganya, ndipo Zambia ndi Tanzania mpaka lero amaimba nyimbo zawo za fuko pa maimbidwe omwewo. Kwa zaka 14, tsono, mwana wa mtchona ankaimirira pasukulu kupempherera Africa yense, osati dziko la munthu wina. Panalibe mzere womufunsa kumene mchombo wa agogo ake unakwiriridwa. Boma la Zimbabwe litafuna nyimbo yakeyake silinalakwe, poti dziko lililonse limafuna chovala chosabwereka, makamaka pamene South Africa, mwini wake wa nyimboyo, inali pafupi kuitenga. Koma chovala chosokedwa pa thupi la munthu mmodzi chimathina ena.

Tiziike pambali ndi pambali. Ya Sauka ndi pemphero. Ndime imene tonse timaidziwa ikulankhula ndi Mulungu kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo woimbayo ali chogwada mumtima. Adani ake ndi atatu, onse osanyamula mfuti: mimba yopanda kanthu, thupi lodwala ndi mtima wa kaduka. Mulibe magazi, mulibe nkhondo, mulibe Chilembwe wa 1915 kapena amene anawomberedwa ku Nkhata Bay mu 1959. Ndime zinazo, zimene ambiri timangong'ung'udza, zimayamikira nyanja, mapiri ndi nthaka, kenako n'kuitana amuna ndi akazi kuti atumikire dziko. Ya Mutswairo imayamba ndi lamulo. Ikulankhula ndi anthu, kuwauza kuti akweze mbendera, n'kuwakumbutsa kuti mbenderayo inabadwa m'moto wa nkhondo ya Chimurenga ndi m'magazi a ngwazi. Mulungu alimo, koma woimbayo waimirira chilili ngati msilikali. Ina imaphunzitsa kukonda dziko ngati mwana wopempha. Inayo imaphunzitsa kulikonda ngati munthu wa ngongole, amene ena anamufera.

Iliyonse ili ndi pofooka pake. Alipo Amalawi amene amadandaula kuti nyimbo yathu imatizoloweza kudziona ngati anthu anjala, odwala ndi akaduka, ndipo ntchito yonse timaisiyira Mulungu. Ndimawamvetsa, ngakhale ndimaona kuti nyimbo yotchula njala poyera ndi yoona mtima kuposa zambiri zimene mayiko amaimba. Chimene ili nacho chabwino pa nkhani yathuyi n'chakuti ilibe mlonda pakhomo. Aliyense wodziwa njala angaiimbe osanama. Ya Zimbabwe ndi yamphamvu kwambiri, imadzutsa tsitsi, ndipo inachokera m'mabala enieni. Mutswairo anabadwira m'boma la Mazowe mu 1924, lamulo logawa nthaka motsata khungu la mu 1930 litatsala pang'ono kukhazikitsidwa. Anthu a ku Chiweshe, m'dera lomwelo, anapanikizidwa pa nthaka yochepa akuyang'ana mafamu aakulu a azungu kutsidya kwa waya, ndipo mu 1974 boma la Ian Smith linawatsekera m'midzi ya mpanda. Buku lake la Feso, la mu 1956, boma la azungu linadzaliletsa. Munthu wotere akalemba za magazi ndi nthaka sakusewera ndi mawu. Vuto ndi lakuti nyimbo ya ngongole imabala funso, ndipo funsolo limadikira tsiku lake: nanga iwe, wako anafa ndani?

Anthu a m'makomboni yankho anali nalo, kungoti silinali losavuta kuimba. Mu 1927, pa mgodi wa Shamva, antchito pafupifupi 3,500 ananyanyala ntchito, ndipo otsogolera ambiri anali a ku Nyasaland. Chaka chomwecho Robert Sambo, wa ku Nyasaland komweko, anathamangitsidwa m'dzikomo chifukwa chokhazikitsa bungwe la antchito la ICU ndi kuulula nkhanza za m'mafamu. Nkhondo itakolera, kuyambira pa kuukiridwa kwa famu ya Altena ku Centenary pa 21 Disembala 1972, wantchito wa pa famu anali pakati pa njovu ziwiri. Masana bwana ndi asilikali ankamufunsa ngati wadyetsa zigawenga. Usiku anyamata a m'tchire ankamufunsa chifukwa chimene akulimirabe mzungu. Mnzake wa Chishona ankatha kuthawira kumudzi kwawo, pamene iye kothawira kunalibe. Kuwonjezera apo, Kamuzu anali pa ubale ndi Pretoria kuyambira 1967 ndiponso ankagwirizana ndi Apwitikizi, ndiye dzina lakuti Mmalawi silinkanunkhira bwino kwa omenya nkhondo ya ufulu. Ena anathandiza anyamatawo, ena anaima ndi bwana, ochuluka anangofuna kuti kuche. Nyimbo ya fuko ilibe malo a anthu ongofuna kuti kuche.

Komabe tisainamizire. Ndime yachiwiri ya Mutswairo imapempha mvula, imapempha kuti minda ibereke, ndipo imatchula antchito kuti nawonso akumbukiridwe. Ngati pali munthu mu Zimbabwe amene ndime imeneyi ikumunena, ndi uyu wobzala, wopalira, wothyola ndi wosonkhezera moto m'mabalani usiku wonse kuti fodya wa dzikolo apse bwino. Chodabwitsa n'chakuti pa nthawi imene nyimboyi inkayamba kuimbidwa, wantchito wa pa famu sankaloledwa kuvota pa zisankho za makhonsolo a m'dera lake. Ufulu umenewo unabwera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Blair Rutherford, amene anachita kafukufuku m'mafamu a ku Hurungwe, anaonetsa kuti famu inali ngati kaboma kapakhomo: nyumba, phoso, ngongole ya kusitolo, sukulu, milandu, zonse zinali m'manja mwa mwini famu ndi kapitawo wake. Boma la ku Harare linkafika pa geti n'kubwerera. Nyimbo yokha ndiyo inkalowa, kudzera mwa aphunzitsi.

Pamene nyimbo ziwirizi zimasiyana kwambiri, kwa ine, ndi pa liwu limodzi m'iliyonse. Ya Sauka imatcha dziko mayi. Ya Mutswairo, m'ndime yachitatu, imalitcha dziko la madzitateguru, makolo a kuchimuna, kuchokera ku Zambezi mpaka ku Limpopo. Mayiko ambiri amachita zimenezi, ndipo kwa munthu wina ndi mawu okometsera chabe. Koma taganizani za banja limene lili ponseponse ku Mashonaland: bambo Mchewa, Myao kapena Mlomwe amene anabwera yekha, nakwatira mkazi wa Chizezuru kapena wa Chikorekore wa m'midzi yoyandikana ndi famu. Mwa chikhalidwe cha bamboyo, ana ndi a kuchikazi. Mwini mbumba ndi malume, ndipo bambo ndi tambala chabe. Ndiye kwa abale ake a ku Dedza kapena ku Mangochi, anawo ndi a ku Zimbabwe, kwawo ndi kwa mayi awo. Mwa chikhalidwe cha mayiyo, mwana amatenga mutupo, kapena kuti chiwongo, wa bambo ake, ndipo munda ndi manda amazipeza kwa bambo ake. Ndiye kwa amalume a ku Chiweshe kapena ku Hurungwe, anawo ndi Amalawi, ndi adzukulu oyenera kukondedwa koma osati kugawiridwa nthaka ya makolo. Mbali iliyonse ikuloza kwa inzake mwaulemu wonse. Ikanakhala kuti mayi ndiye Mchewa ndipo bambo ndi Mshona, mwanayo akanakhala ndi kwawo kuwiri. Mmene zinalili kwa ambiri, dziko lodzitcha mayi linali la bambo ake, ndipo dziko lodzitcha la makolo a kuchimuna linali la mayi ake.

Inde, si onse. Atumbuka, Angoni a ku Mzimba ndi Asena amatsata kuchimuna, ndipo mabanja ambiri a m'makomboni anakwatirana okhaokha, Mnyasa ndi Mnyasa kapena ndi wa ku Tete. Ena anapereka roora, kapena kuti lobola, monga mwa Chishona, ena anagula malo kwa sabhuku, amene ife timati nyakwawa, ena anasintha dzina n'kudzipezera mutupo. Koma mfundo ija imakhalabe pansi pa nkhani zambiri za kumeneko, ndipo ndi imene inachititsa kuti mawu a Robert Mugabe apweteke kwambiri pamene ananyoza anthu a ku Mbare, kumene kuli ambiri ochokera kunja, kuti ndi opanda mutupo. Munthu wa mfunda wa Phiri kapena Banda, mifunda imene inamanga ufumu wa Maravi, kumuuza kuti alibe chiwongo! Koma Mugabe sankanena za mbiri. Ankanena za mavoti.

Mu Febuluwale 2000 boma linagonja pa referendamu ya malamulo atsopano, ndipo linakhulupirira kuti eni mafamu ananyamula antchito awo kukavota mokana. Posakhalitsa jambanja, kulanda mafamu mwachiwawa, inayamba. Kuti nthaka inayenera kugawidwa, ine sinditsutsa. Alimi achizungu pafupifupi 4,500 anali ndi gawo lalikulu la nthaka yabwino koposa, zaka 20 ufulu utabwera. Koma m'mafamumo munalinso antchito oposa 300,000, ndipo pamodzi ndi mabanja awo ankayandikira 2 miliyoni. Pafupifupi mmodzi mwa anayi, mwina kuposerapo, anali wa makolo ochokera ku Malawi, Mozambique kapena Zambia. Lipoti la Lloyd Sachikonye la mu 2003 linapeza kuti pafupifupi 200,000 anali atataya ntchito, ndipo amene anapatsidwa minda sanafike 5 pa 100 alionse. M'miyezi imeneyo kuimba kunasanduka mayeso. Antchito ankasonkhanitsidwa ku mapungwe a usiku wonse, kuimbitsidwa nyimbo za Chimurenga ndi kunenetsedwa mawu a chipani, ndipo woimba mozizira ankadziwika. Nyimbo ya fuko si imene inkagwira chikwapu, ndipo Mutswairo sanailembere zimenezo. Kungoti chinenero chake cha magazi, adani ndi nthaka ya makolo chinali chitakonzeka kale, wofuna kuchigwiritsa ntchito anangotola.

Kenako pepala linamaliza zimene ndodo inayamba. Lamulo la unzika la mu 2001 linati aliyense amene ali ndi unzika wa dziko lina akakane unzikawo motsata malamulo a dzikolo, pasanathe miyezi isanu ndi umodzi, apo ayi wataya wa Zimbabwe. Nthawiyo inatha mu Januwale 2002, ndipo chisankho cha pulezidenti chinali mu Malichi. Ofesi ya Tobaiwa Mudede, mkulu wa kalembera, inatanthauzira lamuloli mokhwima, kotero kuti munthu wobadwira ku Raffingora, amene bambo ake anabwera mu 1950, anayenera kupita ku Harare kukakana unzika wa Malawi umene sanakhalepo nawo, popanda ngakhale pepala limodzi losonyeza kuti anali nawo. Ambiri analibe ndi kalata ya kubadwa yomwe. Pa chitupa panakhala chilembo A, kutanthauza mlendo. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Awa anali mame a zaka 60. Mu 2005, kampeni ya boma ya Murambatsvina itagwetsa nyumba m'matauni ndi m'misasa monga Porta Farm, anthu anauzidwa kuti abwerere kumusha, kutanthauza kumudzi, ndipo ena anafunsa moona mtima kuti kumusha kwake kuti.

Nanga mayi uja, Malawi? Apa ndi pamene ife a kuno tiyenera kutsitsa mawu. Nyimbo yathu ilibe mlonda pakhomo, koma malamulo athu anali naye. Mpaka kumapeto kwa 2018, pamene Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la mu 1966, munthu wamkulu sankaloledwa kukhala nzika ya Malawi ndi ya dziko lina nthawi imodzi. Ndipo lamulo likanalola, munda ukanachokera kuti? Ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Chiradzulu, kumene ambiri anachokera, adzukulu a alongo awo akukanganirana kale kachigawo kosakwana ekala. Timakonda kunena kuti kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Mwambiwu umakoma kwa munthu amene akudziwa dzina la mudzi wake ndi la nyakwawa yake. Mdzukulu wa mtchona nthawi zambiri amangodziwa dzina la boma, mwina ndi la phiri limene agogo ankalitchula akaledzera. Chichewa chake chasakanikirana ndi Chishona, ndipo akafika ku Lilongwe pa depoti, woyamba kumumva amamufunsa kuti ndi wa kuti. Nthaka yachonde imene Sauka anaiyamikira iye sanaipondepo.

Ndiye ngati Umalawi unakhalabe m'makomboni kwa mibadwo itatu kapena inayi, si nyimbo ya fuko imene inausunga. Unasungidwa ndi nyimbo zina. Mu 1912 m'busa T.C.B. Vlok anachoka ku Nyasaland kupita ku Salisbury kukatumikira Anyasa a kumeneko, ndipo mpingo umene unakula pamenepo unakhala sinodi ya CCAP mu 1965, lero Sinodi ya Harare. Nyimbo za m'buku la Chichewa zinkamveka m'matchalitchi a udzu m'mafamu. Ayao anamanga mizikiti yawo, nasunga jando ndi beni. Mabungwe a maliro ankasonkhetsa ndalama mwezi ndi mwezi kuti mnzawo asaikidwe ngati galu. Koposa zonse panali gule wamkulu, amene Ashona amati zvigure, ndi madambwe ake m'nkhalango za m'mphepete mwa mafamu. Wolemba mbiri Anusa Daimon walemba zambiri za mmene gule anakhalira chizindikiro cha anthuwa, chowasonkhanitsa komanso chowachititsa kuopedwa. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalemekeza gule wamkulu ngati chuma cha Malawi, Zambia ndi Mozambique. Zimbabwe sinali pa mndandandawo, ngakhale ng'oma zinkalira ku Shamva ndi ku Trelawney Loweruka ndi Lamlungu.

Ndipo Chichewa chinalowa m'makutu a Zimbabwe yense kudzera pa khomo limene andale sanaliyang'anire. Nicholas Zakaria anabadwira m'mafamu a ku Mazowe komweko kwa Mutswairo, mu 1956. Alick Macheso anabadwa mu 1968 ku Shamva, nakulira pa famu. Onse awiri ndi a magazi a ku Malawi, onse anadutsa mu gulu la Khiama Boys, ndipo anaika Chichewa m'nyimbo za sungura zimene Ashona ndi Andebele amavina osafunsa chitupa. M'zaka zomwe zija anthu a m'makomboni ankachotsedwa m'kaundula wa mavoti, Macheso ndiye anali woimba wogulitsa kwambiri m'dzikomo. Chigwa chimodzi cha Mazowe chinabala wolemba nyimbo ya fuko ndi mwana wa mtchona woimba gitala, ndipo sindikudziwa kuti mwa awiriwa ndani waimbidwa kwambiri pa maukwati.

Kodi tsono ndi iti mwa nyimbo ziwiri zija imene inawaumba? Ndikayeza mopanda kukondera, ndi ya Zimbabwe, ndipo si pang'ono. Nyimbo ya fuko siigwira munthu chifukwa cha nzeru za mawu ake. Imamugwira chifukwa anaiimba ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ataima pamzere m'mawa wozizira wa mu Juni, manja ali m'mbali, mnzake wa Chishona ali kumanja kwake, mphunzitsi akuyang'ana amene akuseka. Jambanja itadutsa, sukulu zambiri zatsopano za m'madera ogawidwawa zinatsegulidwa m'mabalani a fodya ndi m'nyumba zakale za azungu, ndipo ana a alimi atsopano ndi ana a antchito akale anaima pa asembule imodzi. Makolo awo ankakangana za nyumba za mu komboni ndi za malipiro a maricho, amene ife timati ganyu, koma anawo ankakweza mbendera imodzi. Mwana wotere akamva maimbidwe a Changundega pa wailesi, thupi limayankha lokha asanaganize. Nyimbo ya Sauka akaimva amasangalala ngati munthu amene wamva mlendo akulankhula chinenero cha kwawo m'basi. Chisangalalo chimenecho n'chenicheni, koma n'chamtundu wina.

Izi zili ndi mbali yake yowawa. Nyimbo inachita ntchito yake bwino lomwe, inapanga anthu okonda Zimbabwe, pamene ofesi ya kalembera inkawakana. Munthu amene sanaphunzitsidwe kukonda dziko akakanidwa amangonyamula katundu. Amene anaphunzitsidwa amakhala pomwepo, m'misasa monga Lydiate pafupi ndi Norton, kuumba njerwa, kusankha fodya wa eni minda atsopano, kukumba golide m'mitsinje ya Mazowe, akudikira kuti pepala ligwirizane ndi nyimbo.

Mu 2013 pepala linasuntha. Malamulo aakulu atsopano a Zimbabwe, pa gawo 43, anati munthu wobadwira m'dzikomo malamulowo asanayambe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la mu SADC ndipo iye amakhala mu Zimbabwe, ndi nzika mwa kubadwa. Gawo 6 linatchula zinenero 16 zovomerezeka ndi boma, ndipo choyamba pa mndandanda ndi Chewa. Chinatsogola chifukwa cha alifabeti basi, komabe ndimamwetulira ndikachiona pamwamba pa English, Ndebele ndi Shona. Ambiri anapita kukasintha zitupa, A n'kukhala C, kutanthauza nzika, ndipo ena anavota koyamba ali ndi imvi. Ena mpaka lero sanathe, chifukwa kuti upeze chitupa pamafunika kalata ya kubadwa, kuti upeze kalatayo pamafunika mapepala a mayi ako, ndipo mayi ako anamwalira pa famu imene mwini wake ali ku Australia ndi mabuku ake onse. Mu 2021 Amnesty International inatulutsa lipoti la anthu otere, ndipo chiwerengero cha UNHCR chimene chimatchulidwa kawirikawiri ndi anthu pafupifupi 300,000 amene ali pa chiopsezo chokhala opanda dziko, kuphatikizapo a ku Matabeleland amene makolo awo anaphedwa pa Gukurahundi.

Chinthu china chasintha mwakachetechete, popanda nyumba ya malamulo kukhalapo. Pafupifupi famu iliyonse yakale ku Mashonaland ili ndi manda a antchito, kuseri kwa komboni, pansi pa mitengo ya misasa kapena m'mbali mwa chulu. Mmenemo mwagona amene anabwera pa Ulere, ana awo, ndipo tsopano adzukulu awo ayamba kulowamo. Mu 1994 mwana wa Phiri akafika pa ndime yachitatu ija, yonena za dziko la makolo, ankaimba za makolo a anzake. Mwana wa Phiri wa lero ali ndi agogo a bambo ake m'nthaka yomweyo, pakati pa Zambezi ndi Limpopo, mtunda wosakwana kilomita kuchokera pa mlongoti wa mbendera ya sukulu. Mandawo tsopano ali m'munda wa munthu wina amene anapatsidwa puloti ya A1 kapena A2, ndipo maliro akagwa, akuluakulu a mu komboni amayamba apita kukagogoda kwa iyeyo kupempha malo okumba. Ena amalola, ena amati mukaike ku khonsolo. Akalola, a mpingo amatsogola ndi nyimbo za m'buku la Chichewa, ndipo ngati womwalirayo anali wolowa, gule amatuluka m'nkhalango kudzaperekeza mnzake.